Mlonda Kuseri kwa Katani

A Morrison Chalo a ku Waverley, m'tauni ya Kadoma, anali munthu wosakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chawo chomwe. Mukawapatsa moni ankayamba ayang'ana m'manja mwanu, kenako n'kuyankha. Sanabadwe choncho ayi, ntchito ndiyo inawapinda. Anayambira pansi pa mgodi, momwe bambo awo ochokera ku Dedza anasiya mapapo, n'kudzalowa kufakitale ya nsalu ya ku Kadoma mpaka tsiku limene makina anati zii. Ukalamba unawapeza ali mlonda pachigayo china choperera miyala ya golide kunja kwa tauni, ndipo kumeneko maso awo anaona zosasimbika: golide m'tsitsi, golide kunsi kwa lilime, golide m'kati mwa buledi wodya masana. Mawu awo anali amodzimodzi, akuti wakuba sagwidwa ndi funso. Ukamufunsa amakupatsa yankho lonona. Umubisalire basi, udzaona wekha.

Tsono tsiku lina mlongo wawo Ennie anawaimbira foni kuchokera ku Pfupajena, ku Chegutu kuja. Ankalankhula motsitsa mawu ngati munthu wobisala kuseri kwa bafa.

"Achimwene, mwana wanu uja ine sindikumumvetsa."

Ankanena Nyarai, mwana wake yekhayo, mtsikana wa Fomu 5. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni kalekale n'kumezedwa komweko, ndiye za Nyarai zonse zinkagwera pamutu pa malume ake. Mwini mbumba anali iwo, ndipo udindo umenewo sankauseweretsa.

"Watani? Mimba?"

"Ikanakhala mimba bwenzi ndikudziwa poyambira. Kusukulu anamubwereka laputopu. Likafika Loweruka la mpikisano wawowo, amadzitsekera kuchipinda, n'kuimika foni pakabati kamera itamuloza. Ndiye pagalasi la laputopuyo pamatulukira mwamuna. Amamuuza kuti onetsa manja, iye n'kuonetsa. Kweza tsitsi ndione makutu. Tembenuka. Zunguliza kamera chipinda chonse ndione ngati muli munthu. Ine amandithamangitsa, ati lamulo lake azikhala yekha."

"Yekha? Ndi mwamunayo?"

"Eya. Ati Loweruka likubwerali ndiye chimaliziro. Opambana akawasonkhanitsa ku Harare, ndipo ena mwa iwo adzapita kunja."

Mawu akuti kunja anawalasa a Morrison ngati minga. Chaka chapitacho Jenifa, mwana wa anzawo oyandikana nawo nyumba ku Waverley, anapezanso anthu okoma mtima pa foni. Anamulonjeza ntchito ya kuhotela kumaiko a Aluya, anamupempha zithunzi, anamutumizira tikiti yaulere. Mpaka lero mayi ake amangokhala pakhonde atagwira foni yosalira.

"Usamuuze kanthu," anatero a Morrison. "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikubwera ndidzaone ndekha."

Lachisanu masana anapempha mnzawo kuti awagwirire ntchito, n'kukwera kombi ya ku Chegutu. Njira yonse ankangoona chinthu chimodzi m'maganizo mwawo: wogula ng'ombe pamsika, momwe amakanulira kukamwa kwa nyama, momwe amaizungulira, momwe amaikwezera mchira. Onetsa manja. Onetsa makutu. Tembenuka. Munthu amene akufuna kudziwa nzeru za mwana angayambire kumakutu?

Nyarai anawalandira bwino. Anagwada, anawomba m'manja, "Makadii, Sekuru?" Monga ana ambiri a kumeneko, Chichewa ankachimva bwinobwino koma ankayankha m'Chishona, ndipo malume ake ankawatcha Sekuru. Atakhala pa sadza, nsima ya kumeneko, ndi ndiwo za lepu, a Morrison anayamba kufunsa mwaulesi, ngati munthu wongofuna kucheza. Mayankho sankawafuna kwenikweni. Ankafuna kuona nkhope.

Nkhopeyo inawala ngati nyali.

"Tiyerekeze muli ndi mathiraki a thonje, Sekuru, akuchoka ku Sanyati kubwera ku Kadoma, ndipo panjira pali milatho yambirimbiri. Wina umalola katundu wolemera, wina ayi. Ine ntchito yanga n'kulemba pulogalamu, malangizo oti kompyuta ipeze yokha njira yabwino, ngakhale milathoyo itakhala miyandamiyanda, ndipo ipeze msanga. Ndikatumiza, makina awo amaiyesa ndi mayeso obisika. Ndikakhoza pamabwera chobiriwira, ndikalakwa chofiira. Ana a m'dziko lonse timalemba nthawi imodzi, aliyense kwawo."

"Obisika, wati? Amabisiranji?"

"Kuti tisabere."

"Hmm. Ndalama zolowera ndi zingati?"

"N'zaulere."

A Morrison anasiya mbamu m'manja. M'moyo wawo wonse chaulere chimene anachionapo chinali nyambo ya pambedza.

"Nanga mwamuna amakuonerayo ndi ndani?"

Nyarai anaponya diso kwa mayi ake, Ennie n'kuweramira m'mbale. Kenako mtsikanayo anayankha. "Ndi a Tapuwa, oyang'anira. Amaonera ana ambiri nthawi imodzi."

"Kwawo n'kuti?"

"Sindikudziwa."

"Mfunda wawo? Bambo awo ndani? Unawagwirapo chanza?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kutsamwa. "Sekuru, sakudzandifunsira ukwati! Ndili pafupi kwambiri. Mawa ndikangokhoza mafunso onse, Harare ndalowa. Mtsikana wa ku Pfupajena, tangoganizani!"

A Morrison anamwetulira ndi milomo yokha. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Jenifa nayenso ankaseka choncho.

M'mawa mwake anatsanzika mokweza kuti nyumba yonse imve. Ananyamula kachikwama kawo, Nyarai n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Koma kombi sanakwere. Anazungulira kuseri kwa tchalitchi cha malata, anadutsa m'kanjira ka pakati pa nyumba, ndipo pamene Nyarai anapita kukagula data patakishopu, iwo anali atalowa kale pakhomo la kuseri.

Ennie anawatchingira njira. "Achimwene, akadziwa adzandida moyo wake wonse."

"Kudedwa ndi mwana amene ukumuona kuli bwino kusiyana ndi kugwira foni yosalira. Patuka."

M'chipindamo munali bedi, kabati, ndi katebulo kamene Nyarai ankalemberapo. Pakona, pafupi ndi tebulolo, panali katani yamaluwa yolendewera pawaya, ndipo kuseri kwake kunali matumba a chimanga ndi zovala zopachika pamisomali. A Morrison anayang'ana malowo ndi diso la ntchito. Anavula nsapato n'kuzilowetsa m'chikwama, chikwamacho n'kuchikankhira pansi pa matumba. Anadzipanikiza pakhoma pakati pa majasi akale, anadzifunda bulangeti kuyambira kumutu, miyendo n'kuibisa kuseri kwa thumba. Munthu amene wakhala zaka akusaka obisala amadziwa pamene diso silifika.

Nyarai analowa akuimba chapansipansi. Anatseka chitseko, anaimika foni pakabati, anayatsa laputopu. Posakhalitsa munamveka mawu a mwamuna, olankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, mawu ouma ngati a kalaliki.

"Nyarai, mwadzuka bwanji. Manja."

Mtsikanayo anakweza manja.

"Makutu."

Anakweza tsitsi, mbali iyi ndi iyo. Pansi pa bulangeti a Morrison anakukuta mano.

"Pansi pa tebulo. Pansi pa bedi. Katani ija."

A Morrison anadzipanikiza pakhoma. Katani inakokedwa, kuwala kunalowa, ndipo anamva mpweya wa mwana wa mlongo wawoyo pafupi penipeni. Koma Nyarai anali ndi changu, maganizo ake anali kale pamafunso. Kamera inaona majasi, bulangeti ndi matumba, katani n'kubwerera.

"Chabwino. Nthawi yayamba. Zabwino zonse."

A Morrison anatsitsa bulangeti pang'onopang'ono n'kupeza kabowo pamene njenjete inadya katani. Anaikapo diso. Tsopano tiona, anatero mumtima. Galu uyu ayamba liti?

Anadikira.

Pakona ya galasi panali kankhope ka mwamunayo, munthu wadazi, wa magalasi, amene maso ake ankangoyendayenda uku ndi uku ngati woweta nkhuku zambiri. Sankalankhula. Nthawi ina anamwa tiyi. Nthawi ina anayasamula. Nyarai naye sankamuyang'ana n'komwe. Ankawerenga, n'kujambula timizeremizere ndi timadontho papepala, n'kuluma pensulo, kenako zala n'kuyamba kuthamanga pamabatani ngati mvula pamalata. Chobiriwira chinabwera, iye n'kudzimenya pantchafu. Funso lina chinabwera chofiira, anatsonya, anakanda m'mutu, anasintha kanthu kena kakang'ono, chobiriwira n'kubwera.

Munthu wina akanati apa palibe nkhani. Koma a Morrison ankadziwa kuti mlenje wabwino sasokosa. Chete ameneyu ndiye anawaopsa kwambiri. Akumuzoloweza, anaganiza. Akufuna aiwale kuti pali diso. Zenizeni zibwera kumapeto, akatopa.

Dzuwa linakwera, malata anayamba kutentha. Kuseri kwa katani kunkanunkha mankhwala a anankafumbwe ndi majasi osachapa. Thukuta linatsika m'msana mwawo. Chifuwa chakale cha kumgodi chinayamba kuwakanda pakhosi, iwo n'kuchimeza. Choipa kwambiri inali miyendo. Pachigayo mlonda amaima, inde, koma amasuntha, amaponda apa n'kuponda apo. Muno anali ataima ngati mtengo, ndipo mwendo wamanzere unayamba dzanzi, kenako unangofa.

Nyarai anali atafika pafunso lomaliza, ndipo linamukanika. Anang'amba pepala, anayamba lina. Ankadzilankhulira za zitsime ndi mapaipi, kuti madzi akachoka apa afike apo. Chofiira chinabwera, chinabweranso. Anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kuwerama, moti a Morrison anayesa akulira. Kenako anadzidzimuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Aaa! Ndiyambire kumapeto!"

Anakokera laputopu pafupi, zala n'kuyamba liwiro limene malume ake anali asanalionepo. Nthawi yomweyo mwendo wakufa uja unagonja. A Morrison anausuntha pang'ono chabe, kuuchotsa kuseri kwa thumba kuti magazi ayende, winawo n'kutsatira.

"Nyarai, chotsa manja pakompyuta."

Mawuwo sanali a kalaliki tsopano. Anali akuthwa.

"Sa?"

"Chotsa manja. Kuseri kwa katani kuli ndani?"

"Hakuna munhu, sa. Kulibe munthu. Ndinakuonetsani."

"Ndiye thumba la chimanga la kwanu lili ndi zala zakumapazi?"

Nyarai anatembenuka. Kunsi kwa katani kunali mapazi awiri akuluakulu, ong'aluka zidendene, limodzi lopanda chala chaching'ono chimene chinatsala pansi pa mgodi. Mapazi amenewo ankawadziwa. Sanakuwe. Anadzuka, anakoka katani mpaka waya unaduka.

"Sekuru, maitei? Mwachita chiyani?"

A Morrison anatuluka bulangeti lili paphewa, akutsimphina, n'kulunjika pagalasi. Mkwiyo unawabweretsera chilankhulo cha kumgodi chimene ankakalipirana nacho ndi akapitawo. "Ini wena funa? Ukufuna chiyani kwa mwana wanga, iwe? Ndakuona! Makutu ake ukuwafuniranji?"

Mwamunayo analankhula ndi mtsikanayo yekha. "Nyarai, m'chipinda mwako muli munthu. Ndatseka. Tikambirana mpikisano ukatha."

Galasi lonse linachita imvi. Nyarai anagogoda mabatani, palibe chinayenda.

"Sa, ndapota, chonde! Yankho ndili nalo m'mutu! Sa!"

Koma kankhope kaja kanali katapita. Panatsala kawotchi kokha pakona, kakudya nthawi imene ana ena m'dziko lonse ankalembabe. Nyarai anakhala pansi n'kumakayang'ana. Ennie anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Waona?" anatero a Morrison. "Wathawa. Munthu wolungama amathawa akaona mkulu?"

Nyarai sanachotse maso pakawotchiko mpaka kanatha.

Patapita nthawi laputopu inalira, bambo Tapuwa n'kuonekanso, tsopano nkhope yodzaza galasi lonse. Anali wamkulupo kusiyana ndi momwe a Morrison ankaganizira, ndipo kumbuyo kwake kunali bolodi ya m'kalasi yosafufuta bwino. Nkhani anaiika poyera: mwana wopezeka ndi womuthandiza amachotsedwa, ndipo saloledwanso kulowa mpikisanowu mpaka kalekale.

"Sekuru, imani apo ndikuoneni. Munalowa nthawi yanji?"

"Asanayambe."

"Ndiye pamene ankandionetsa katani, inu munalimo?"

"Ndinalimo."

"Munabisala bwino. Onetsani manja."

A Morrison anapezeka ataonetsa.

"Matumba a thalauza, atulutseni kunja. Foni ili kuti? Iikeni patebulo. Tembenukani. Makutu."

Anali atakweza kale dzanja kukhutu pamene chinthu chinawagunda m'chifuwa. Ndondomeko imeneyi ankaidziwa. Manja, matumba, tembenuka, makutu. Ndi momwe iwo ankasechera anyamata potuluka pachigayo tsiku lililonse. Anayang'anitsitsa maso a munthuyo kuseri kwa magalasi, ndipo sanaone maso a wogula ng'ombe. Anaona maso otopa, osakhulupirira kanthu, maso a mlonda mnzawo.

Komabe sanafune kugonja msanga. "Makutu a mwana wamkazi mumawafuniranji?"

"Muli timafoni tating'ono ngati nyemba tolowetsa m'khutu, wina n'kumanong'oneza mayankho ali panja. Anyamatanso timawayang'ana chimodzimodzi."

"Nanga n'chifukwa chiyani azikhala yekha?"

"Chifukwa cha anthu obisala kuseri kwa katani."

Ennie anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

A Morrison anafotokoza za Jenifa, za tikiti yaulere, za mayi wokhala pakhonde. Bambo Tapuwa anamvetsera osawadula, ndipo nkhope yake inafewa pang'ono, koma pang'ono pokha.

"Zimenezo zimachitikadi, ndipo kuopa kwanu sindikukunyozani. Ine ndine mphunzitsi, ntchito iyi ndimangodzipereka. Ahedi a sukulu ya Nyarai amatidziwa, ku Harare ana aakazi amakhala ndi aphunzitsi aakazi. Mukanafunsa."

"Wakuba sagwidwa ndi funso."

"Zoona zimenezo. N'chifukwa chake nanenso mayankho anu sindingawadalire."

"Ine za makompyuta sindidziwa ngakhale poyatsira! Ndine mlonda wa pachigayo. Tayang'anani manjawa."

"Aliyense amene timamugwira amatero. Tinagwirapo wina atavala ovolosi ndi majombo, ati ndimasesa pabwalo, pamene ndi katswiri wolemba mapulogalamu kubanki. Mundionetsa bwanji kuti simudziwa?"

A Morrison anayang'ana manja awo. Munthu angaonetse kuti amadziwa kanthu, koma kusadziwa amakuonetsa bwanji? Atagogoda mabatani molakwitsa, ati akunamizira. Atalumbira, wakuba aliyense amalumbira. Anadzifunsa moona mtima: atapeza munthu atadzifunda bulangeti kuseri kwa thanki pachigayo, wopanda nsapato, n'kumati ndimangoteteza mwana, iwo akanamumasula? Akanamumanga ndi waya mpaka apolisi afike.

"Mwanayu sanadziwe," anatero motsitsa. "Mlandu ndi wanga. Mundilange ine."

"Inu simuli mumpikisano, ndikulangani ndi chiyani? Njira ilipo imodzi. Nyarai andifotokozere zimene walemba lero, mzere ndi mzere, chifukwa chake anasankha njira iyi osati iyo. Kenako ndimupatsa funso latsopano alembe ndikuona. Wouziridwa sapita patali. Koma akhale yekha. Inu mutuluke, osati pakhonde, mupite kumsewu. Amayi ake andiimbire pa kamera ya foni yawo, ndizikuonani muli komweko mpaka titamaliza."

Ndiye anawauza kuti achite chinthu chomwe anabwerera kudzaletsa: kusiya mwana yekha ndi munthu wa pagalasi. Kamtima kakale kaja kanayambanso kunong'ona. Bwanji ngati zonsezi ndi nzeru zake? Bwanji ngati bolodi ija anangoipachika? Anayang'ana Nyarai kuti mwina awathandiza ndi diso. Mtsikanayo ankayang'ana khoma.

"Tulukani, Sekuru," anatero.

Anatuluka.

Anthu a mumsewu umenewo wa ku Pfupajena anaona zachilendo masana amenewo. Nkhalamba yopanda nsapato itaima pafupi ndi takishopu padzuwa, ndipo mlongo wake ataima patsogolo pake atailozetsa foni ngati wojambula nyama yakutchire. Ana anasonkhana. Amayi ogulitsa tomato anayamba kufunsa Ennie.

"Mai Nyarai, asekuru akulowa filimu?"

"Kapena agwidwa ndi nkhuku ya eni?"

"Avineko pang'ono, tione ngati Chinyasalandi chikadalipo m'miyendomo!"

A Morrison anawafulatira. Maso awo anali pazenera la chipinda chija. Nthawi ina anaponda phazi limodzi kulowera kunyumba, Ennie n'kuwagwira malaya.

"Mukasuntha pano, achimwene, ndikuitanirani anyamata akumangeni pamtengo uwo. Mwini mbumba kapena ayi."

M'moyo wake wonse Ennie anali asanawalankhulepo choncho. Anaima.

Mthunzi wa takishopu unali utafika pamapazi awo pamene chitseko chinatseguka. Nyarai anabwera pang'onopang'ono, nsapato za malume ake zili m'dzanja limodzi, chikwama m'dzanja lina. Anaika nsapatozo pansi patsogolo pawo. Ana aja anabalalika ataona nkhope yake.

"Wati chiyani?" anafunsa Ennie.

"Ati sindinabere. Zimene ndinakhoza zikhala, ndipo chaka chamawa ndiloledwa."

"Ambuye alemekezeke! Nanga Harare?"

Nyarai anapukusa mutu. "Onse amene atengedwa anakhoza funso lomaliza. Ine ndatsalira pakhomo penipeni."

A Morrison anamva mpumulo ndi ululu nthawi imodzi, ndipo posadziwa chochita nazo anathawira kumene anazolowera. "Anakonza dala. Anali ndi mwana wawo amene ankafuna kumulowetsa, wa kumayadi ku Harare. Anthu amenewa ndimawadziwa ine. Funso lomalizalo mwina linalibe n'komwe yankho."

"Linali nalo, Sekuru." Sanakweze mawu. "Titamaliza ndinawapempha andilole ndililembe, ndingoona chabe. Anandilola. Ndinalemba zomwe zija ndinali nditayamba pamene mapazi anu anatuluka. Chabwera chobiriwira, mayeso onse. A Tapuwa anavula magalasi n'kundiuza kuti pepani, nthawi yotha sabweza, apo ayi ana enawo awalakwira."

A Morrison anafunafuna m'mutu mwawo munthu wina woti amukayikire. Anayesa mphunzitsi wadazi uja, anayesa ahedi, anayesa Ennie amene anaimba foni, anayesa ngakhale makina a mayeso obisika. Aliyense ankawapulumuka m'manja. Anawerama n'kuyamba kuvala nsapato, ndipo zingwe zinawavuta kumanga.

"Mudye kaye," anatero Ennie, mkwiyo utamuthera.

"Ayi. Mnzanga uja wandigwirira ntchito kokwanira."

Mwana woleredwa bwino salola mkulu kunyamula yekha katundu, ndiye Nyarai anawaperekeza. Ankayenda patsogolo ndi chikwama, iwo pambuyo akutsimphina. Njira yonse a Morrison ankakonza mawu. Kupepesa kwa mwana wa mlongo wako kumayambira pati? Bambo awo sanawaphunzitse, ndipo iwo anali asanaonepo mkulu akuchita. Atafika pamsewu waukulu kombi inali itaima kale, kondakitala akumenya chitseko, "Kadoma! Kadoma mmodzi!"

"Nyarai, mwana wanga, ine ndimati..."

"Ndikudziwa zimene mumati." Anawapatsira chikwama ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kupinda bondo pang'ono. "Chaka chamawa ndikalembera kusukulu, muofesi ya ahedi. Tsiku lake sindidzakuuzani, ndipo amayi sindidzawauzanso. Mufike bwino, Sekuru."

Kondakitala anawakankhira m'kati, chitseko n'kutsekeka. Pamene ankapeza pokhala n'kusuzumira pazenera, mtsikanayo anali atawoloka kale msewu.